Mwana asankhe maphunziro ati kuti asadzakhale pakhomo ndi digiri?

Mayi wina wa ku Dedza wanditumizira imelo. Mwana wawo wamkazi wakhoza bwino MSCE ndipo akudzaza fomu ya NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, yofunsira malo ku yunivesite. Funso lawo ndi ili: pa mayunivesite aboma, ndi maphunziro ati omwe munthu akamaliza amapeza ntchito msanga ndi malipiro ooneka?

Amayi, mwanayo wakuchotsani manyazi, muyamikireni. Mayunivesite aboma tsopano alipo asanu ndi imodzi: UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS omwe adadziimira paokha mu 2021, LUANAR, MZUNI, ndi MUST ya ku Thyolo yomwe idatsegulidwa mu 2014. Omaliza maphunziro achuluka chaka ndi chaka, koma malo a ntchito sadakule mofanana. Ndiye musayambe ndi dzina la sukulu. Yambani ndi kufunsa kuti akamaliza, adzamulemba ntchito ndani?

Pali maphunziro omwe bwana wake wamkulu ndi boma, monga uphunzitsi, unamwino ndi udotolo. Zipatala zathu zikusowa anamwino, aliyense amene adadikirirapo wodwala ku Kamuzu Central amadziwa. Komabe kusowa kwa antchito ndi kulembedwa ntchito ndi nkhani ziwiri zosiyana. Boma limalemba pokhapokha bajeti ikalola, ndipo likaumitsa thumba la malipiro, anamwino okhala ndi mapepala onse amangokhala pakhomo kapena kugwira maganyu m'zipatala zapulaiveti. Aphunzitsi a ku pulaimale ochokera ku ma TTC nawonso akhala akudikira zaka asanatumizidwe kusukulu. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa ana amenewa sadalakwe kanthu. Ubwino wake ndi wakuti akalowa, ntchitoyo imakhala yokhazikika ndipo penshoni ilipo. Wa digiri m'boma amayambira pa giredi I.

Kumakampani zinthu n'zosiyana. Mabanki, makampani a mafoni monga Airtel ndi TNM, ndi mabungwe omwe si aboma amalipira bwino kuposa boma, koma makomo ake ndi ochepa ndipo digiri payokha siikwanira. Wowerengera ndalama amafunsidwa za mapepala a ukatswiri wa akaunti, a ICAM kapena ACCA. Wa zamakompyuta amauzidwa kuti aonetse zomwe adapangapo ndi manja ake. Mwana wanu akapita ku attachment m'chaka chachitatu kapena chachinayi, aigwire ngati ntchito yeniyeni, poti ambiri amalembedwa pamalo pomwe adadziwika kale.

Za malipiro, musakomedwe ndi nambala yomwe mwamva kwa aneba. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Malipiro omwe ankasunga banja zaka zisanu zapitazo lero akuthera pa lendi ndi minibasi. Ndipo mwana akatenga ngongole ya ku Loans Board, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, adzayenera kuibweza akamaliza maphunziro, choncho muiwerengere kale.

Ndikanakhala ine, ndikanamulimbikitsa kusankha maphunziro okhala ndi olemba ntchito angapo, kapena omwe angadzilembe nawo ntchito yekha. Wa zaulimi ku Bunda (LUANAR) angathe kulowa m'boma, m'bungwe, m'kampani ya mbewu, kapena kuyamba ulimi wa mbatatesi kwanu komweko ku Dedza. Musanatumize fomuyo, pezani anthu awiri kapena atatu omwe adamaliza kosi yomwe akuifuna zaka zitatu zapitazo, muwafunse komwe ali lero.