Abwezereni atate foni yawo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa amayi ena a ku Katete. Atate awo anadwala sitiroko chaka chatha, dzanja lamanja silikugwira, lamanzere limanjenjemera. Akufunsa ngati ilipo pulogalamu yoti munthu azingolankhula foni n'kumalemba yokha, komanso mtengo wake. Kumapeto anawonjezera kuti: "Sikuti n'zachangu, panopa ndimawalembera ndine, palibe vuto."

Amayi, mawu omalizawo ndinawawerenga katatu. Vuto lilipo, kungoti atate anu sangakuuzeni.

Ine ndinagwira ntchito yotayipa zaka zambiri mu ofesi ina kuno ku Chipata, kuyambira pa makina aja olira ngati mvula pa malata mpaka kufika pa kompyuta. Zala zanga ndizo zinali khasu langa. Nyamakazi itabwera inayambira pa chala chachikulu, kenako inafalikira zonse. Mwezi wa June ukafika, mphepo ikamatsika m'mapiri athuwa, zala zimatupa n'kupindika moti batani la bulauzi limandilaka. Foni ndiye musanene. Ukafuna kukhudza chilembo chimodzi umakhudza zitatu.

Ndiye ndinapeza mlembi, mwana wa mlongo wanga amene ndinkakhala naye, panthawiyo ali Grade 11. Mwana wabwino, waulemu, sanadandaulepo. Madzulo ankakhala pa mphasa, ine pa mpando, ine n'kumanena iye n'kumalemba. Za tchalitchi, za chilimba, za feteleza, zonse zinkayenda bwino. Tsiku lina ndinafuna kulembera mng'ono wanga wa ku Lusaka nkhani ya m'nyumba, nkhani imene mwana sayenera kumva. Ndinadikira masiku anayi ndikuganiza kuti zala zipepuka. Sizinapepuke. Ndinamuitana, ndinanena mawuwo ndikuyang'ana kukhoma. Iye analemba atazolika. Atatumiza anati, "Azakhali, mawu ena anali olimba, ndawafewetsako pang'ono."

Anachita mwachikondi, ndikudziwa. Koma usiku umenewo sindinagone. Mng'ono wanga analandira uthenga wa mwana wasukulu wokhala ndi dzina langa pamwamba. Kuyambira pamenepo ndinayamba kusankha zonena. Anthu amene ndinkacheza nawo tsiku ndi tsiku ndinayamba kuwayankha kuti "zikomo" basi, mpaka ena anaganiza kuti ndayamba matama. Za nambala yachinsinsi ya mobile money ndiye n'zochititsa manyazi: ndinkainong'oneza kwa mnyamata wa pa buthi, anthu ali pa mzere kumbuyo kwanga, makutu ali tcheru.

Kale ndinkati amene amatilembera ndi angelo. Lero ndikunena mosabisa kuti mbale amene amalanda foni m'manja mwa wodwala n'kunena kuti "bweretsani ndikuchitireni, mukuchedwa", akumulanda chinthu chachikulu kuposa foniyo. Ife tinazolowera kuti wodwala alibe chinsinsi. Timalowa m'chipinda chake osaodira, timamuyankhira kwa adokotala iye ali pompo, timamusankhira chovala. Tsono atate anu, munthu amene anakulerani, amene mwina ankaweruza milandu pa bwalo, lero azinena kwa mwana wawo wamkazi kuti ali ndi ngongole kwa uje? Sanganene. Angokhala chete, inu n'kumati matenda awasintha khalidwe.

Lamulo loteteza anthu olumala tili nalo kuno ku Zambia, la Persons with Disabilities Act la 2012, ndipo bungwe la boma la ZAPD lilipo lolembetsa anthu olumala. Ngati atate sanalembetse, kawalembetseni. Koma lamulo silifika pa mphasa ya madzulo pamene mwana wagwira foni ya kholo lake.

Mwana yemweyo ndi amene anandionetsa kachizindikiro ka maikolofoni pa kiyibodi. Poyamba zinali zoseketsa. Kapulogalamu kena kamene anandiikira kankamva Chingelezi chokha, ndiponso Chingelezi cha azungu, osati chathu chino. Ndinati "Katete", iko n'kulemba za mphaka amene akudya. Dzina la mudzi wa kwathu kanalisandutsa mtundu wa tchizi. Ndinakalalatira ngati mwana wosamva, ndipo zolalatazo kanalembanso. Koma uthenga woyamba umene ndinatumiza ndekha, wa mizere iwiri, wokhala ndi zolakwika zisanu, ndinautumiza chitseko chili chotseka. Foni ndinaitsamiritsa pa chitini cha shuga, maikolofoni ndinaikhudza ndi mfundo ya chala chapakati, chifukwa nsonga ndiyo imapweteka. Zinanditengera mphindi 20. Palibe anamva.

Zinthuzi sizinayambe dzulo ayi. Pulogalamu ya Dragon NaturallySpeaking inatuluka mu 1997, ife tikulimbana ndi maliboni a makina otayipira, ndipo ndi yogula, ya pa kompyuta. Kagwiridwe kake ka zonsezi n'kakuti makina amamvetsera mawu a anthu ambirimbiri ojambulidwa pamodzi ndi zolemba zake, mpaka aphunzire kuti phokoso lakuti limayenda ndi liwu lakuti. Ukamalankhula, amangolota liwu limene likuoneka kuti ndilo. N'chifukwa chake chilankhulo chimene anachimva kwambiri amachilota bwino, chathu amapunthwa. N'chifukwa chakenso tambala akalira kapena wailesi ikamayimba pambali, zolemba zimasokonekera.

Ndipo ifenso tili ndi mlandu wathu. Ndani pa msika wa Kapata amalankhula chilankhulo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza? Chiganizo timachiyamba m'Chichewa, pakati tiikamo Chingelezi, n'kumalizira Chinsenga kapena Chinyanja cha ku Lusaka. Munthu amamva. Makina amafuna uwauziretu kuti lero tikuyenda m'njira iti. Ine zandiphunzitsa kulankhula Chichewa chowongoka ngati cha agogo anga, chimene ndinachitaya kalekale mu ofesi. Mdzukulu wanga amaseka, akuti ndikamalankhula ndi foni ndimamveka ngati owerenga nkhani pa wailesi.

Tsono yankho lake

Musagule pulogalamu iliyonse. Ngati foni ya atate ndi ya Android, ikani kiyibodi ya Gboard, ndi yaulere. Mu 2024 a Google anawonjezera Chichewa pa zilankhulo zolemba ndi mawu, pamodzi ndi Chishona, Chitswana ndi zina za mu Africa muno. Lowani pa zilankhulo za kiyibodiyo musankhe Chichewa, nthawi zina amachilemba kuti Nyanja. Pamafunika bandulo, chifukwa mawu amapita pa intaneti n'kubwerako atasanduka zilembo. Yoyendetsa foni yonse osaikhudza ndi Voice Access, inatuluka mu 2018, nayonso yaulere. Imaika manambala pa chilichonse chooneka pa sikirini, munthu n'kungotchula nambala. Imeneyo muzilankhula nayo Chingelezi, koma ndi timawu tochepa, "go home", "scroll down", "show numbers". Pa iPhone yofanana nayo ndi Voice Control, ili kale m'foni kuyambira 2019. Muwagulire mahedifoni otchipa okhala ndi maikolofoni, ndi potsamiritsa foni.

Chimodzi chokha: sitiroko nthawi zina imakhudza lilime. Ngati mawu a atate amatuluka olemera, makina avutika kuwamva. Zikatero musawakakamize, aphunzitseni voice note ya pa WhatsApp. Ukakhudza maikolofoni n'kukokera chala m'mwamba imadzitsekera, umalankhula manja ali pa maondo. Anthu ena amainyoza voice note kuti ndi ya osaphunzira. Amenewo zala zawo n'zabwinobwino, asiyeni.

Za mobile money sindikunamizani, pamenepo mpovuta. Timamenyu tija toyimba ndi nyenyezi timatha nthawi msanga, munthu wochedwa amayambiranso kangapo, ndipo nambala yachinsinsi si yotchula mokweza. Ine ndimagwiritsa ntchito kacholembera ka nsonga ya labala, ndinakakulunga ndi nsanza ya chitenje kuti kanenepe, ndimakagwira ndi chibakera. Ndimachitira kunyumba, ndikafika pa buthi ndangotsala kulandira.

Mukawaikira zonsezi, muyese nawo kawiri kapena katatu, kenako mutuluke mukaphike. Mudzamva akukangana ndi foni, mwina akuitukwana. Musalowe. Akakuitanani mupite, mukonze chimene afunsacho, maso anu asatsike pa mauthenga. Ndipo ngati wina wa ku banja akuimbirani kuti atate atumiza uthenga wosamveka, mumuuze awafunse eni ake.

Mlembi wanga uja pano ali ku koleji. Mwezi watha ananditumizira uthenga wofunsa ngati zala zili bwanji ndi kuzizira kuno. Ndinamuyankha ndime zitatu, kuphatikizapo zoti mnyamata amene anabwera naye pa holide sindinamukonde. Sindinafewetse liwu ngakhale limodzi, ndipo mpaka lero sanayankhe.