Kugula fulati ku Johannesburg mutaiona pa intaneti: yankho kwa mayi wa ku Blantyre

Mayi wina wa ku Blantyre, yemwe mwana wake amagwira ntchito ku Johannesburg, wanditumizira imelo yonena kuti waona fulati yotsika mtengo pa tsamba lotsatsira nyumba pa intaneti, ndipo wogulitsayo akufuna dipoziti msanga kuti amusungire. Funso lake ndi lakuti, kodi angathe kugula nyumbayo ali konkuno, osapitako?

Mayi, malamulo a ku South Africa amalola munthu wa dziko lina kugula nyumba, choncho kugula mungathe. Koma dipozitiyo musatumize panopa, ngakhale akuuzeni kuti pali wina amene akuifunanso.

Masamba ngati Property24 ndi Private Property ndi malo otsatsira malonda basi. Zithunzi ndi mawu amene mukuwerengawo amaika ndi maejenti kapena eni nyumba, pomwe dzina la mwini weniweni limalembedwa ku ofesi ya boma yotchedwa Deeds Office. Masambawa amathandiza kwambiri poyerekeza mitengo, chifukwa mukaona mafulati khumi a m'dera limodzi mumadziwa mtengo woyenera, ndipo imene yatsika kwambiri kuposa inzake iyenera kukudabwitsani. Zithunzi sizionetsa chinyontho cha m'makoma, chikepe chomwe chinafa kalekale, kapena mmene msewuwo umakhalira usiku. Popeza mwana wanu ali komweko, apite akalowe m'nyumbamo, akacheze ndi anthu okhalamo, ndipo akabwererenso tsiku lina dzuwa litalowa.

Ejenti aliyense wovomerezeka amakhala ndi satifiketi yomulola kugwira ntchitoyi, yotchedwa Fidelity Fund Certificate, yochokera ku PPRA, bungwe loyang'anira maejenti a nyumba ku South Africa, ndipo muli ndi ufulu woipempha. Kuyambira mu February 2022, lamulo limafunanso kuti ejenti akupatseni fomu imene mwini nyumba walembapo zowonongeka zomwe akuzidziwa. Fomuyi ndi yofunika chifukwa nyumba zambiri zimagulitsidwa pa mfundo ya voetstoots, kutanthauza kuti mwaigula monga momwe iliri.

Chimene ndimada nacho nkhawa kwambiri pa mafulati otsika mtengo ndi ngongole za nyumba yonse. Fulati mumagula ngati gawo la nyumba yaikulu, ndipo eni ake onse pamodzi amapanga bungwe lotchedwa body corporate, lomwe limatolera kwa eni mafulati ndalama yotchedwa levy mwezi uliwonse yolipirira alonda, inshuwalansi ndi kukonza zowonongeka. Eni ambiri akasiya kulipira, bungwelo limalephera kulipira khonsolo ya mzinda, madzi kapena magetsi amadulidwa, ndipo mtengo wa fulati iliyonse umagwa, ngakhale ya munthu amene sanaphonyepo mwezi. Umu ndi mmene nyumba zina za m'kati mwa Johannesburg, monga ku Hillbrow, zinawonongekera mpaka kulandidwa ndi zigawenga zotolera lendi. Musanakambe za mtengo, pemphani malipoti a chuma a bungwelo ndi zolembedwa za msonkhano wake wapachaka, ndipo mufunse ngati pali levy yapadera imene ikubwera. Akazengereza kukupatsani, ine ndingaisiye fulatiyo.

Chikalata cha Offer to Purchase, chomwe mumasaina pofuna kugula nyumba pa mtengo wakutiwakuti, musachione ngati chongosonyeza chidwi, pakuti inu ndi wogulitsa mukangosaina chimakhala mgwirizano womanga pamaso pa lamulo. Kusintha umwini kumachitidwa ndi loya wotchedwa conveyancer, yemwe kawirikawiri amasankhidwa ndi wogulitsa koma kulipidwa ndi wogula, ndiye nkwanzeru kukhala ndi loya wanu woti awerenge chikalatacho komanso kufufuza ku Deeds Office. Dipoziti imapita ku trust account, akaunti yapadera yosungiramo ndalama za makasitomala, ya loya kapena ya ejenti, osati ku akaunti ya munthu. Akuba amatha kulowerera maimelo nkusintha nambala ya akaunti, choncho muimbire ofesi ya loyayo pa nambala imene mwaipeza nokha ndi kutsimikiza musanatumize kalikonse.

Mbali ya kuno ndi yolimba kuposa mmene ambiri amaganizira. Kutulutsa ndalama zochuluka chotere m'Malawi kumafuna chilolezo motsatira malamulo a Reserve Bank of Malawi, ndipo ndalama zakunja zikusowa, kotero yambirani ku banki yanu musanasaine chilichonse. Kumbukiraninso kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo levy mudzalipira mu rand mwezi ndi mwezi. Mabanki a ku South Africa nthawi zambiri amabwereketsa munthu wosakhala m'dzikomo theka chabe la mtengo wa nyumba. Msonkho wogulira nyumba, wotchedwa transfer duty, sulipidwa pa nyumba yosapitirira R1,210,000 kuyambira mu April 2025, koma za loya mulipira ndithu. Mapepala onse a banki osonyeza kuti ndalama zinachokera kunja muwasunge, chifukwa adzafunika tsiku limene mudzagulitse nkufuna kubweza ndalamazo kuno. Kukhala ndi nyumba kumeneko sikukupatsani chilolezo chokhala m'dzikomo.

Ngati mwana wanu ali ndi chilolezo chogwirira ntchito ndipo amalandira malipiro ake mu rand, afunse ku banki yake ngati angapeze ngongole m'dzina lake, koma mugwirizane polemba kuti fulatiyo ndi ya yani ndalama zisanachoke m'manja mwanu.