Ma amp a controller sakugwirizana ndi a pa mita

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake controller ya 20A ya njinga yanu yamagetsi (kabokosi kamene kamayendetsa magetsi a batire kupita ku mota) ikuonetsa ma amp osiyana ndi a pa mita. Controller imayeza magetsi pa shunt, kawaya ka pafupifupi 5 milliohm. Pa 20A pamatuluka 100mV yokha, ndipo shunt ikatentha, nambala imatha kusuntha pang'ono.

Komanso pa ma controller ambiri otsika mtengo, shunt imawerenga magetsi ochokera ku batire basi. Mukamakwera chitunda pang'onopang'ono, odutsa m'mawaya atatu a mota amatha kuposa pamenepo kawiri kapena katatu, ndipo ndi amenewa amatenthetsa mota.

Yezani ndi clamp meter ya DC (mita yopana waya osaudula) pa waya wofiira wa batire, mutayamba mwaibwezera pa ziro. Chonde musapake solder pa shunt pofuna mphamvu: controller imaona ma amp ochepa n'kulola ochuluka, ma MOSFET (tizipangizo totsegula ndi kutseka magetsi mu controller) n'kupsa.