Tayala lakumbuyo la m'dzinja: musathamangire lonenepa

Achimwene, mwati njinga yanu ya m'mapiri ikumaterereka kumbuyo mukamakwera phiri la Kanjala kuno ku Chipata mvula ikagwa, ndiye mukufuna kugula tayala lonenepa la mainchesi 2.6 m'lifupi. Dikirani kaye, ndalamayo isatuluke m'thumba.

Dothi lathu kuno si mchenga. Katondo wofiira uja akanyowa amamata zedi, makande a kudambo ndiye osanena. Tayala lalikulu limasenza matope ambiri, chonsecho kampata kapakati pa tayala ndi felemu kamachepa. Zinandionekera ine chaka china mu February, popita ku mwambo wa Angoni wa Nc'wala ku Mtenguleni. Ndinali nditamanga tayala latsopano la 2.5 lomwe wogulitsa wina ananditamandira, ndiye ndinasiya msewu wa tala n'kudzera chidule cha m'minda. Dambo loyamba lenilenilo gudumu lakumbuyo linangoti gwa, osazunguliranso. Ndinakhala pansi pa mango kutokosa matope ndi kamtengo, uku anyamata onyamula anthu pa njinga za Eagle, zija za timatayala topyapyala, akundidutsa ndi makasitomala awo kumbuyo. Mmodzi anachita kundifunsa ngati ndikufuna andikweze.

Ndiye yang'anani la pakati pa 2.2 ndi 2.35. Mukalimanga, chala chanu chizilowa bwinobwino mbali zonse pakati pa tayala ndi felemu. Chachikulu koposa ndi mano ake. Akhale ataliatali, otalikirana, kuti gudumu likamazungulira matope azithothoka okha. Mano ang'onoang'ono othinana amadzaza msanga, tayala n'kusanduka losalala ngati dazi. Popeza ndi lakumbuyo, mano apakati akhale opingasa, chifukwa ndi amene amaluma pansi mukamapalasa chitunda komanso mukagwira buleki potsetsereka.

Mayina ake, ine ndimakwera Maxxis Minion DHR II ya 2.3. Pali ina yopangira matope enieni, Maxxis Shorty, kapena Schwalbe Dirty Dan, ndipo m'makande zimagwiradi. Koma kumbukirani kuti musanafike kuphiri mumayamba mwapalasa pa tala m'tauni. Matayala a matope okhaokha amalemera kupalasa pa tala, ndipo mano ake amatha mukuona. Dzinja lathu ndi lalitali, November mpaka April, ndiye DHR II ndi yomwe ndikuona kuti ingakusungeni. M'mashopu a muno sizipezeka wamba, mwina mutume munthu wa ku Lusaka kapena amene amaoloka pa boda ya Mwami kupita ku Lilongwe. Zikavuta, la dzina losadziwika la kumsika wa Kapata lilibe mlandu, bola mano akhale momwe ndanenera.

Simunanene saizi ya gudumu lanu. Werengani manambala a m'mbali mwa tayala lakalelo: 559 ndiye kuti gudumu ndi la mainchesi 26, 584 ndi la 27.5, 622 ndi la 29. Chenjerani ndi wokuuzani kuti "26 ndi 26 basi". Lolembedwa 26 x 1 3/8 ndi 590, pa limu yanu silikhala.

Mulitsinenso m'mbali musanalipire. Thupi lanu limalemera kwambiri pa gudumu lakumbuyo, ndipo miyala ya m'zitunda imang'amba tayala la khungu lopyapyala. Ngati ndi la salaula, lipindeni muone ngati mphira wayamba ming'alu. Lina limaoneka lamano onse koma linauma kalekale.

Mpweya musapope wambiri ngati kuti mwanyamula matumba a makala. Ine ndimalemera makilo 72, tayala langa lili ndi chubu mkati, ndipo m'matope ndimaika pafupifupi 28 psi (muyeso wa mpweya pa geji ya pampu). Mukachepetsa kwambiri, limu imatsina chubu pamwala, mudzapeza timabowo tiwiri toyandikana. Ngati pampu yanu ilibe geji, dinani ndi chala chachikulu: lizilowa pang'ono, osati kulimba ngati mwala.

Pomanga muone kamuvi ka m'mbali kosonyeza kozungulira, anthu ambiri amamanga chozondoka. Ndipo ngati muli ndi madigadi yoyandikira tayala, ichotseni kaye mpaka mvula ithe, chifukwa matope amayambira kuunjikana pomwepo. Mundiuze manambala a pa tayala lanulo, ndikuuzeni ngati la 2.3 lilowe.