DNA ya munthu anaiwerenga ndani, nanga ife a ku Angónia tilimo?

Aphunzitsi ena a ku Ulongwe anditumizira imelo. Akuti mwana wina anafunsa m'kalasi ngati ndi zoona kuti azungu anawerenga kale DNA yonse ya munthu, mnzake nkuyankha kuti "ndiye magazi amatitenga kuchipatala aja amapita kumeneko eti". Aphunzitsiwo akufuna kudziwa kuti ntchitoyi anaigwira ndani komanso ife kuno ikutikhudza bwanji.

Zikomo kwambiri aphunzitsi pondilembera. Zoti anaiwerenga nzoona ndithu, koma za magazizo ayi, ndifikapo.

Ntchitoyi dzina lake ndi Human Genome Project, inayamba mu 1990 nkutha mu April 2003. Pafupifupi selo iliyonse m'thupi mwathu ili ndi DNA, malangizo amene tinatengera kwa mayi ndi bambo, olembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, koma zondondozana mpaka 3 biliyoni. Vuto linali loti makina a nthawi imeneyo ankatha kuwerenga zilembo mahandiredi ochepa basi pa ulendo umodzi, ndiye ankaidula DNA ija tizidutswa tambirimbiri, kuwerenga kalikonse pakokha, kenako makompyuta nkumafufuza pomwe mapeto a kachidutswa aka akufanana ndi chiyambi cha kena, ngati munthu akulumikiza nyuzipepala yong'ambikang'ambika. Dziko limodzi silikanakwanitsa msanga, nchifukwa chake anagawana, malo ofufuzira 20 a ku America, Britain, Japan, France, Germany ndi China, ndalama zake pafupifupi madola 3 biliyoni. Anapeza kuti majini, tizigawo ta DNA tokhala ndi malangizo opangira mapuloteni, tili nawo cha m'ma 20,000, pomwe ambiri ankaganiza kuti afika 100,000. Ndipo olo mu 2003 sanamalize yense, panatsala pafupifupi 8 pelesenti ya malo ovuta, amenewo anadzatsirizidwa mu 2022.

Koma mbali imene ine imandigwira mtima, ndipo ndingakonde anawo aimve, ndi ya umwini. Mu 1996 asayansi aja anakumana ku Bermuda nkugwirizana kuti chilichonse chimene awerenga azichiika poyera pasanathe maola 24, aliyense atenge mwaulere. Patangopita zaka ziwiri wasayansi wina wa ku America, Craig Venter, anabwera ndi kampani ya Celera, nkunena kuti iye achita mwachangu, ndipo ofuna kugwiritsa ntchito nkhokwe yake azilipira. John Sulston wa ku Sanger Centre ku England anakana kwamtuwagalu, a bungwe lothandiza kafukufuku la Wellcome Trust anamuonjezera ndalama, mpaka malo akewo anawerenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito yonse. Mpikisano unakula kwambiri moti pa 26 June 2000 atsogoleri a America ndi Britain, Bill Clinton ndi Tony Blair, analengeza limodzi kuti mbali zonse ziwiri zamaliza kuwerenga koyamba kongoyambirapo, Venter ndi Francis Collins amene ankatsogolera mbali ya boma ataima pamodzi ku White House. Tangoganizani zikanakhala za kampani, dokotala wa ku Tete kapena wophunzira wa ku Maputo akanazipeza ndi ndalama ziti?

Tsopano za magazi. Ndikumvetsa komwe mantha a mwanayu akuchokera, tonse tinakula tikumva za anamapopa, mbali ino ndi ya ku Dedza yomwe. Koma magazi amene anagwiritsa ntchito anachokera kwa anthu ongodzipereka okha, ndipo pafupifupi 70 pelesenti ya DNA imene inawerengedwa ndi ya bambo mmodzi wa ku Buffalo ku America amene anaona chilengezo m'nyuzipepala mu 1997. Kadontho ka pachala koyezera malungo kaja kamathera pa kachipangizo komweko, mphindi 15 kapena 20 zotsatira zatuluka, nkutaya. Kafukufuku weniweni amayenera kukufotokozera kaye m'chilankhulo chako, iwe nkuvomera kapena kukana. Chonde anawo asaope kukayezetsa.

Chondidandaulitsa ine nchosiyana ndi cha mwanayu: sanatiwerenge mokwanira. Anthu tonse timafanana pafupifupi 99.9 pelesenti, koma pa kotsalako a mu Africa ndi amene timasiyana kwambiri kuposa a kwina kulikonse, poti munthu anayambira konkuno. Chonsecho kafukufuku wambiri wachitika pa anthu a ku Ulaya. Gulu la asayansi lotchedwa H3Africa litawerenga DNA ya anthu 426 okha a mu Africa, mu 2020 linalengeza kuti lapeza kusiyana kopitilira 3 miliyoni kumene kunali kusanaonekepo.

Ndipo izi zimafika mpaka pa botolo la mankhwala. Ambiri mukukumbukira ma ARV akale aja okhala ndi efavirenz, anthu ankadandaula chizungulire ndi maloto oipa usiku, ena mpaka kusiya kumwa nkumanenedwa kuti ngosamva. Jini yotchedwa CYP2B6 ndi imene imathandiza chiwindi kuphwanya mankhwala amenewa, ndipo mtundu wake wogwira ntchito pang'onopang'ono umapezeka kwambiri mwa anthu a mu Africa kuposa azungu, ndiye mankhwalawo ankachuluka m'magazi. Anthu aja sankanama.

Aphunzitsi, mukapeza ma mega pa foni, tsegulani tsamba la pa intaneti la Ensembl kapena la NCBI, komwe amasunga DNA yowerengedwayi, limodzi ndi anawo, nzaulere, mulembe HBB. Imeneyi ndi jini ya pa chromosome 11 (umodzi mwa mitolo ya DNA ya m'selo), ndipo chilembo chimodzi chokha chikasintha pamenepo, A nkukhala T, mwana amene watengera kusinthako kwa makolo onse awiri amadwala matenda a magazi otchedwa sickle cell, pomwe wotengera kwa kholo limodzi amatetezeka ndithu ku malungo oopsa. Muwasiye aone okha zilembozo, kenako mundilembere zomwe afunsa.