Za PBX ya pa ofesi: ikani Debian 12 pa kakompyuta kakang'ono, ndalama yotsalayo ipite ku magetsi

Achimwene, mwati ofesi yanu ili ndi anthu 25, aliyense akufuna foni yake ya pa desiki, makasitomala aziimba pa manambala a TNM ndi Airtel, ndiye mukufunsa ngati muike Windows kapena Linux, komanso ngati pakufunika seva yaikulu. Seva yaikuluyo musagule, mungotaya ndalama.

Kompyuta ya PBX, imene imalumikiza ndi kugawa mafoni onse a pa ofesi, imalemedwa ndi anthu amene akulankhula nthawi imodzi, osati kuchuluka kwa mafoni amene ali pa madesiki. Pa anthu 25, tiyerekeze kuti pa nthawi yotanganidwa akulankhula ndi 8. Foni imodzi ya G.711 (imodzi mwa ma codec, njira zopakirira mawu pa netiweki) imadya pafupifupi 87 kbps mbali iliyonse, choncho onse 8 sakufika ndi 1 Mbps yomwe pa mbali iliyonse. Purosesa imayamba kutopa ikamasintha mawu kuchoka pa codec ina kupita pa ina, monga G.729 kupita pa G.711. Ikani zipangizo zonse pa G.711 alaw, ntchito imeneyo siikhalapo.

Pa nkhani ya Windows ndi Linux, yambani mwasankha pulogalamu ya mafoniyo, chifukwa ndi imene imalamula. Ife tinganene FreePBX 17, imene pansi pake pali Asterisk, pulogalamu yoyendetsa mafoniyo, ndipo imafuna Debian 12 (mtundu wa Linux), osati Debian ina iliyonse. Ikani Debian yopanda desktop, musankhe SSH (yolowera m'makinawo muli pa kompyuta ina) ndi zida zoyambira basi, kenako muyendetse script yoikira ya Sangoma, kampani ya FreePBX, pa makina oyera, opanda pulogalamu ina. Chenjerani ndi mavidiyo akale a pa YouTube. Ambiri amaonetsa ISO ya FreePBX yomangidwa pa CentOS 7, imene inasiya kukonzedwa pa 30 June 2024, ndipo amaphunzitsa chan_sip, njira yakale yolumikizira mafoni, imene inachotsedwa mu Asterisk 21. Zonse muzikonza ndi PJSIP, imene inalowa m'malo mwake. Windows ingalowe pokhapokha mutasankha 3CX, pulogalamu ina ya PBX, koma nayonso 3CX imayenda pa Debian 12, ndipo laisensi yake imawerengedwa pa mafoni olankhula nthawi imodzi. Windows ya pa desiki ili ndi khalidwe lozimitsa ndi kuyatsanso makina ikamaliza ma update, ndipo simungafune zimenezo pa makina ogwira mafoni a ofesi yonse.

Makinawo: kakompyuta ka Intel N100, kapena Dell OptiPlex ndi HP EliteDesk zazing'ono zogwiritsidwapo kale za i3 kapena i5, zikukwanirani ndi kutsala. RAM ya 4 GB imagwira, 8 GB mupuma bwino. Disiki ikhale SSD ya 256 GB. Ngati muzijambula zokambirana, mphindi imodzi ya WAV imatenga pafupifupi 1 MB, ndiye mphindi 1,000 pa tsiku ndi 1 GB pa tsiku. Konzani kuti zakale zizifufutika kapena kusamutsidwa, chifukwa disiki ikadzaza database imaima, mafoni nkuyamba kuvuta. Lumikizani ndi kebulo, Wi-Fi ayi. Mukagula yakale, sinthani batire ya CR2032 ya pa bodi, ndipo mu BIOS muike kuti makina azidziyatsa okha magetsi akabwera. Ambiri amaiwala pamenepa, Lolemba m'mawa nkupeza mafoni onse ali zii mpaka wina akadine batani. Raspberry Pi imatha kuyendetsa Asterisk, koma SD khadi yake imaonongeka msanga magetsi akamathima pamene ikulemba.

Manambala a TNM ndi Airtel alowa kudzera pa GSM gateway, kabokosi kolowetsamo ma SIM kolumikizidwa ku PBX, monga ya Yeastar TG400 kapena za Dinstar. SIM imodzi imanyamula foni imodzi pa nthawi, kotero gateway ya ma SIM 4 ikutanthauza anthu anayi okha olankhula ndi kunja, wachisanu apeza mzere uli wotanganidwa. Iikeni pamene netiweki ikugwira bwino, osati mkati mwa kabati yachitsulo. Ngati muli ndi foni ya waya ya MTL, mufunika kabokosi ka FXO kolumikiza wayayo ku PBX, monga Grandstream HT813. Zolumikiza pa netiweki ngati zimenezi nzabwino kuposa khadi lolowetsa m'kompyuta kapena dongle ya USB, chifukwa kompyuta ikafa mumangoika ina osalimbana ndi ma driver. Ma SIM amenewa akhale a mafoni a ofesi yanu okha. Kulowetsa mafoni ochokera kunja kwa dziko kudzera pa SIM za kuno ndiye SIM box ija, makampani amatseka manambala ndipo ndi mlandu.

Tsopano magetsi, apa mpamene ndalama yanu ikufunika. Mafoni a pa desiki adye moto kuchokera pa switch ya PoE, imene imapereka magetsi kudzera m'kebulo ya netiweki, kuti zonse zikhale pa batire imodzi. Tiwerengere 5 W pa foni iliyonse: 25 ndi 125 W. Onjezani switch yeniyeniyo, kompyuta, rauta ndi gateway, mufika cha m'ma 180 W. Ka UPS ka 650 VA kamakhala ndi batire ya 12 V 7 Ah, imene ndi 84 Wh basi, ndiye kakusungani mphindi zochepa, osati maola a ESCOM. Batire ya 12 V 100 Ah ndi 1,200 Wh, koma ya mtovu simuyenera kuitsitsa kupitirira theka, ndipo inverter imadyako yake, mutsala ndi maola osafika atatu. Mukafuna theka la tsiku la ntchito, ganizani za mabatire awiri kapena imodzi ya lithium. Poigula switch, onani mphamvu yake yonse ya PoE, osangowerenga mabowo: ina ili ndi mabowo 24 koma mphamvu yake singadyetse onse. Komanso mabowo 24 sakukwanirani, popeza mafoni ndi 25 kuphatikizapo seva ndi gateway.

Zovuta zotsala nza netiweki. PBX ndi gateway zikhale ndi IP yosasintha. Mukamva kuti wina akumva mnzake koma iye sakumveka, kawirikawiri ndi NAT (mmene rauta imasinthira ma IP) kapena SIP ALG, gawo la mu rauta losintha mauthenga a mafoni. Zimitsani SIP ALG-yo, ndipo mulembe netiweki yanu ya mkati mu SIP Settings ya FreePBX. Port 5060, khomo limene mafoni amalowera mu PBX, musaitsegulire intaneti. Akuba amafufuza usana ndi usiku, akalowa amaimba kunja mpaka mayunitsi atatha. Ogwirira ntchito kunyumba alowe pa VPN (njira yotetezedwa yolowera mu netiweki ya ofesi), mapasiwedi a ekistenshoni (manambala a mkati a foni iliyonse) akhale ataliatali, firewall ndi fail2ban (yotsekera amene akulakwitsa pasiwedi mobwerezabwereza) zikhale zoyatsa, ndipo manambala oyamba ndi 00 atsekedwe kwa aliyense amene safunika kuimba kunja. Nthawi muike pa Africa/Blantyre, apo ayi uthenga woti ofesi yatsekedwa uziyankha pa maola olakwika. Backup ya FreePBX izipita ku makina ena sabata iliyonse, ndipo muiyeseko kuibwezeretsa pa kompyuta ina musanayambe kuidalira.