Phospho-ERK inandiliza ine

Eee amwene, zoti bandi (kamzere kakuda) yanu ya phospho-ERK (puloteni ya ERK yomatidwa fosifeti) sikutuluka pa Western blot (njira yoonera mapuloteni pa filimu) mwandikumbutsa zowawa. Ine miyezi 3 yathunthu inalowa m'madzi ndi nkhani yomweyi.

Tinkathira EGF (puloteni youza maselo kuti akule) pa maselo, kudikira mphindi 5, kenako kuwaphwanya. Pofika nthawi imeneyo uthenga umakhala utayenda kale, EGF yagwira receptor kunja kwa selo, ma receptor awiri aphatikana n'kumatana fosifeti pa amino acid ya tyrosine, mapuloteni a Grb2 ndi SOS abwera kudzadzutsa puloteni ina, Ras, Ras wataya GDP watenga GTP n'kuyaka (Ras si kinase, kutanthauza enzyme yomata fosifeti, anthu amasokoneza), kenako Raf amata fosifeti pa MEK, MEK amata ziwiri pa ERK, ina pa threonine ina pa tyrosine, basi ERK uyoo ulendo wa ku nucleus. Fosifeti zonsezi akuzithothola ku ATP, molekyu yonyamula mphamvu m'selo. Koma chimene timaiwala n'choti ma phosphatase sagona, ntchito yawo ndi kumatula zomwe kinase wamata, ndipo ukangophwanya selo amasakanikirana ndi chilichonse mu chubumo.

Tsiku limenelo sindidzaliiwala. Ndaima m'chipinda chamdima manja akunjenjemera, filimu ikutuluka, total ERK (ERK yense, womatidwa fosifeti ndi wosamatidwa) bandi ziwiri zakuda bii, pa 42 ndi 44 kDa, koma ya phospho mbee ngati sindinayikepo kanthu. Kachinayi kameneko! Asupavaiza pamaso pa anthu onse akuti "kodi pipette mumatha kugwira koma?" Ndinakalirira ku toileti ine munthu wamkulu.

Patatha sabata ndi pamene ndinatulukira kuti mnzathu wina amene ankakonza lysis buffer (madzi ophwanyira maselo) ya tonse anasiya kuthiramo sodium orthovanadate ndi sodium fluoride, ma inhibitor oletsa ma phosphatase aja, eti zinatha, osauza munthu. Kumufunsa akuti ndimaona ngati sizofunika kwenikweni. Kupepesa olo pang'ono, ayi ndithu. Mpaka lero ndikamuona mtima umandiwawa.

Ndiye inu musakhulupirire buffer ya munthu, konzani nokha, ma inhibitor muzithira tsiku lomwelo, chilichonse chikhale pa ayezi. Komano musadzitsekerenso nokha ngati mmene ndinachitira ine, kapempheni lysate (madzi a maselo ophwanyidwa) kwa mnzanu amene zake zikutuluka muyike pambali, ikatuluka yake yokha mudziwa kuti antibody wogwira phospho-ERK alibe mlandu. Mwinanso vuto si buffer n'komwe, ngati simunawamane serum (madzi a m'magazi amene timadyetsa maselo) maselowo usiku wonse ERK amakhala woyaka kale, muthira EGF kusiyana osaoneka.